Tsiku Limene Ndinazula Chingwe cha Seva

Ntchito yanga pa kachipatala kena pa Mzimba Boma inali yolowetsa mbiri za odwala m'kompyuta. Ndinagogoda zaka zambirimbiri ndi zala ziwiri zokha, mpaka wodwala aliyense analowa m'makina pamodzi ndi mankhwala ake. Zonsezo zinkasungidwa mu seva, chibokosi chakuda chong'ung'udza m'kachipinda kozizira. Ndinkachilemekeza ngati apongozi, osachiyandikira n'komwe.

Kenako kunabwera mayi wina, injiniya wamkulu wa makina otere. Anaika seva yachiwiri m'nyumba ya kutsidya kwa bwalo kuti izikopera zonse za yoyamba. Koma mafunso ake, abale! Magetsi akazima amayatsa jenereta ndani? Nanga iyeyo akapita kumaliro? Kiyi amasunga ndani? Ndinkangoti mayiyu ndi wapolisi.

M'mawa wina, odwala ali ndondondo pamzere, anandikodola.

"Adada, lero seva yoyambayi tiipha dala. Ndipo chingwe muzula ndinu."

"Amama, mwadya chiyani? Anthu onsewa simukuwaona?"

"Ndawaona chomene. Madokotala ndawauza kale. Nkhokwe yosatsegula simungailumbirire kuti muli chimanga. Yachiwiriyi ngati ikane, ikane ine ndilipo, osati tsiku la mphenzi nditapita."

Ndinapsa mtima, koma kwenikweni ndinkaopa. Pawindo langa panali bambo wokalamba wa ku Champhira, wodwala kuthamanga kwa magazi. Dzina la mankhwala ake sankalidziwa, ankangoti timapilisi toyera tija. Amene ankadziwa ndi makinawo, ndipo ine ndiye ndiwaphe ndi manja anga!

Ndinalowa m'kachipinda ka seva kaja. Ndinagwira chingwe, n'kutsinzina, n'kuzula. Kung'ung'udza kuja kunaleka. Injiniyayo anangopinda manja n'kuyang'ana laputopu yake, osatekeseka mpang'ono pomwe.

"Thamangani kuwindo, mukamufufuze munthu wanu," anatero.

Ndinathamanga ngati mnyamata, sandasi imodzi n'kutsala pakhomo. Ndinalemba dzina la bamboyo pa kompyuta. Kachizindikiro kanayamba kuzungulira, n'kuzungulira, ine mtima uli m'mwamba. Kenako, mbwee! Dzina, mudzi, mankhwala, ngakhale zimene ndinalowetsa m'mawa womwewo, zonse zinatuluka kuchokera kutsidya kwa bwalo.

Ndinakuwa mpaka anamwino anatuluka m'zipinda. Mmodzi anaimba nthungululu asanadziwe n'komwe chachitika. Ine ndinali ndikuvina ndi sandasi imodzi, misozi ili chuchuchu, munthu wamkulu ndithu. Chimwemwe chotere pantchito sindinachimvepo.

"Munkhwala winu ulipo, adada! Ulipo!" ndinamuuza bambo uja m'Chitumbuka.

Anandiyang'ana modabwa, n'kufunsa mofatsa, "Kasi ukaluta nkhu?"

Ankafunsa kuti kodi mankhwalawo anapita kuti, ndipo zoonadi sanapite kulikonse. Iye anangothokoza kuti yewo, n'kupita kolandirira mapilisi, akupukusa mutu kuti kalaliki wapenga.