Thanthwe Lopetera Mpunga Silinalowe pa Mapa

Lachiwiri kwathu kuno ku Chiuta kunabwera mtsikana, enjinyero, atakolekera komputadora m'chikwama. Akuti akufunafuna malo oimikapo zitsulo zazitali za mapiko atatu, zimene mphepo ikazizunguza zimabala magetsi.

Ine kuwerenga sindidziwa, ndipo mawu anowa ndimangoyankhula, olemba ndi ena. Koma mapa ake ndinawamva. Amawasanja ngati zitenje m'sutikesi: pansi mapa a mphepo, pamwamba pake a misewu, kenako a nyumba, a minda, a madambo. Pamene mphepo ili yambiri koma popanda chotchinga, pamabiriwira.

Pobiriwirapo ndi pa chitunda chathu, pamene pali thanthwe lopeterapo mpunga. Akaimika zitsulo, akuti azunguliza waya.

Mwana wa eni ake sanabwere mwachipongwe ayi. Anati, "Makolo anga, chithunzi chochokera kumwamba sichiona zonse. Aliyense atchule chake, ndiike chizindikiro kuti tipalambalale."

Anthu anatchula. Uyu munda, uyu manda a kwawo, wina mitengo iwiri ya mango. Mnzanga Abiti Saidi anatchula ngakhale pamene amuna awo amayanika makoka, ngati kuti nyanja ikwera phiri.

Ndinawakodola. "Nanga thanthwe?"

"Tchulani ndinu, achemwali. Ine ndine mkazi wa msodzi, mpunga ndimachita kupempha."

"Koma kudya mumatiposa."

Mtsikana uja anamva. "Thanthwe liti, agogo? Mwini wake ndani?"

Tinangoyang'anana. Kwathu kuno munthu sanena kuti changa pa chinthu cha anthu onse, angamuseke kuti wayamba dyera. Msonkhano unatha, thanthwe osalowa.

Inu amene munabadwa nkhondo itatha, mungati ndi mwala chabe. Titabwerako ku Malawi kumene tinathawira nkhondo, tinapeza mudzi uli thengo, njira zitatsekeka, ndodo yakuponda paliponse ikuchita mantha ndi mabomba okwirira. Chimene tinachizindikira ndi thanthwe lija. Madzi saiwala khwawa. Mpunga woyamba kukolola pa mtendere tinakaupetera pomwepo, mwera ukuomba, malichero m'mwamba, mankhusu akuuluka kulowera kunyanja. Chakudya cha ku kampu chinkabwera chopetapeta, ndiye manja anali ataiwala. Tinamwaza mpunga, tinaseka mpaka misozi. Pomwepo ndi pamene tinafunsana kuti uje ali kuti, uje anatsala manda ati.

Magetsi ndikuwafuna, musandimve molakwa. Maso anga atopa ndi utsi wa koloboyi, ndipo kuchipatala azamba asamaunikire ndi foni pobereketsa. Mtsikanayo anatinso pobiriwira si pamodzi, kuseri kwa chitunda kuliponso, kungoti msewu wake ungatalike.

Koma taonani khalidwe lathu. Mbuzi ikalowa m'munda mwako umafuula mudzi wonse umve. Chitsime cha tonse chikagumuka, aliyense amadikira mnzake. Mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Akuti Loweruka mapa akawatsekera ku boma ku Insaca, ndipo wotsala ndi mawu akanene kumeneko. Ine ndi Abiti tagwirizana kukwera shapa, kaminibasi ka kuno, iwo ndi bondo lawo, ine ndi msana wangawu. Akakafunsanso mwini, tikati ndife, aseke amene aseke.

Nanga inu amayi a kuno, amene mpunga wanu uli m'nkhokwe kudikira mwera, mukatisiya tikaime awiri?