Tsiku Limene Ndinauzira Kapepala

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, pasukulu ina pafupi ndi Mkaika, pamene anzanga anandipatsa dzina lakuti Kaulendo. Aphunzitsi akandifunsa funso, akuti ndinkangoyang'ana khoma. Pozindikira ndinkapeza kalasi lonse likuseka, pensulo itajambula mzere wokhota mpaka pansi pa tsamba. Kamtengo ka aphunzitsi kanazolowera manja anga.

Mayi anga anali atamwalira, ndipo ndinkaleredwa ndi ambuya, agogo anga aNachisale. Azakhali anga ankanena poyera kuti maso anga akaima chonchi ndiye kuti mayi akundiitana. Anawauza ambuya kuti andichotse sukulu, ndizikhala pakhomo, pakuti mwana woitanidwa sachedwa kupita. Ndinazimva zonsezi ndili kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinayamba kuopa manda a mayi.

Ambuya sanawamvere. Anangoyamba kundiyang'anitsitsa. Masana ena tikusenda mtedza pamphasa, anandigwira dzanja.

"Esinati, unali kuti?"

"Ndimaganiza za mbuzi ya aBanda, ambuya, yothyoka mwendo ija."

Anaseka, tinapitiriza. Patapita kanthawi anandigwiranso.

"Nanga tsopano?"

"Sindinapite kulikonse."

"Mtedza wakupulumuka m'manja, ndakuitana osamva, milomo ikungotafuna. Poyamba paja unapita n'kubwera ndi mbuzi. Apa wabwera chimanjamanja. Maulendo ako ndi awiri, mwana iwe."

Sabata lomwelo tinakwera minibasi kupita kuchipatala ku Katete. Tinakumana ndi adokotala achizimayi amene ankaona za ubongo wa ana. Anamvetsera ambuya akufotokoza za maulendo awiri aja osawadula pakamwa. Kenaka anang'amba kapepala, n'kukagwira kumsonga patsogolo pa nkhope yanga.

"Uzira ngati ukukoleza moto. Usaleke mpaka ndikuuze."

Ndinauzira, kapepala kakunjenjemera, mutu ukupepuka, m'mphuno muli fungo la mankhwala okolopera. Kenaka ndinangoona ambuya ataimirira, adokotala atandigwira phewa.

"Ndakutchulira dzina la nyama ina. Walimva?"

Sindinamve kanthu. Adokotala anati ndi mtundu wa khunyu umene sugwetsa mwana pansi: ubongo umazima kanthawi kochepa n'kuyakanso, ndipo mankhwala ake alipo. Anatinso kuganiza za mbuzi si matenda, ana onse amatero.

"Ndiye si mayi wake?" anafunsa ambuya, mawu ali pansipansi.

"Ayi, ambuya. Si mayi wake."

Ambuya anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Apo mpamene ndinadziwa kuti nawonso ankaopa, koma mantha awo anawanyamula okha, n'kumandiwerenga m'maso tsiku ndi tsiku.

Sukulu sindinaleke. Ndinamwa mankhwala mpaka kuzima kuja kunatha, ndipo kumanda kwa mayi ndinayamba kupita kukazula udzu popanda kunthunthumira.

Lero ndine mphunzitsi ku Sinda. Maganizo anga amayendabe, makamaka m'minibasi, ndipo ndimawalola, chifukwa amabwera ndi kanthu. Chimene ambuya anandisiyira n'chakuti mwana wongoti duu sadziwika ndi kamtengo, amadziwika ndi womuyang'ana mofatsa. Ndikaona wina m'kalasi maso ataima, ndimapita pafupi n'kumufunsa kuti anali kuti. Kenaka ndimadikira, ndione ngati wabwera ndi mbuzi.