Iwe, Usapite

Amuna anga sananditchulepo kuti iwe. Chikwatirane kwathu ku Ntchisi, mpaka boma litatitumiza ku Mzimba kuti akaphunzitse Chifalansa kusekondale, ine ndinali inu basi. "Amayi, mwaona nsapato zanga?" "Amayi, tiyi wazizira." Anzanga ankasirira kuti ndinapeza mwamuna waulemu, ine n'kumavomera.

Zinali zaka zoyamba za matipate, anthu atayamba kusonkhana osacheukacheuka. Aphunzitsi atatu, kalaliki wa kupositi ndi nesi mmodzi anayambitsa kagulu ka zisudzo. Sewero anabweretsa ndi amuna anga, kabuku kong'ambikang'ambika kamene wansembe wina wachizungu anawasiyira pobwerera kwawo. Analimasulira okha m'Chichewa, Loweruka lililonse masana, atakhala pakhonde.

Linali la anthu awiri oyandikana nyumba, mwamuna ndi mkazi, okangana chifukwa cha mpopi wodontha. Ndewu munalibe, maliro munalibe. Ndinafunsa kuti anthu adzaonerapo chiyani.

"Nkhani yonse yagona pa liwu limodzi," anatero. "Afalansa ali ngati ife, ali ndi inu, ali ndi iwe. Awiriwa amatchulana inu sewero lonse. Kumapeto, mkazi atanyamula sutikesi kuti asamuke, mwamuna amati, 'Iwe, usapite.' Basi, latha."

"Nanga mwamunayo akhala ndani?"

"Ine."

"Mkaziyo?"

Anayamba kufunafuna cholembera chimene chinali m'manja mwawo.

Mkaziyo anali nesi uja, wa ku Champhira, wamtali, wa mpata kumano, wosakwatiwa. Tsiku lomwelo ndinadzipereka kuti ndizikhala kuseri kwa chinsalu ndi pepala, kunong'oneza mawu wina akaiwala. Amuna anga anayamikira kuti ndayamba kukonda zisudzo. Zisudzo zake ziti! Ine ndinapita kukalondera.

Tinkakonzekera muholo ya tchalitchi, anthu akaweruka kuntchito. Za mpopi ankangodutsapo kamodzi, koma akafika pothera paja amuna anga ankati sizinatuluke bwino, tibwereze. Ndinkawerenga chamumtima. Tsiku lina anabwereza kasanu ndi kawiri. Ndipo mawu ake sanali aja oitanira tiyi ayi. Ankatsika, n'kunjenjemera pang'ono, mawu amene ine wogona nawo nyumba imodzi ndinali ndisanawamvepo. Mtima unkandiwawa, ndisaname.

Ndinayamba kupisa m'matumba a mathalauza pochapa. Ndinkapezamo choko. Ndinanunkhiza makolala, fungo linali la sopo wanga yemwe. Akati akupita kukagula nyuzipepala, ndinkatuma maso kuti akhotera kuti, ndipo ankakhoteradi kogula nyuzipepala. Munthu wina akanakhazika mtima pansi. Ine ndinangoti anthuwa ndi ochenjera.

Nesiyo naye ankandikomera mtima mopitirira. Akachokera kwawo ankandibweretsera mbatatesi ndi tomato. Ndinkalandira ndi manja awiri, koma mumtima ndikufunsa kuti akulipira chiyani. Tsiku lina anandipeza ndekha ndikupinda chinsalu.

"Mama, ndapota, musamandiyang'ane choncho," anatero m'Chichewa chosakaniza ndi chiyankhulo cha kwawo. "Ni sewero waka. Likatha mbwenu aliyense kwake."

"Kodi ine ndanena kanthu?"

"Yayi, simunanene."

Anaseka, ine osaseka. Ndinadzifunsa kuti wosalakwa amayamba bwanji kudziyankhira asanafunsidwe.

Tsiku loonetsa linali Loweruka masana. Holo inadzaza, ena atapalasa njinga kuchokera ku Edingeni. Za mpopi zija anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, makamaka nesi atathira amuna anga madzi a m'beseni. Ine ndinali kuseri, chala chili papepala. Kenaka anafika pothera. Nesi ananyamula sutikesi n'kulunjika kukhomo, monga mwa sewero, ndipo anaima kudikira mawu aja.

Amuna anga anangoti zii.

Anayang'ana nesi, anayang'ana anthu, n'kutembenukira kuchinsalu kumene kunali ine. Ntchito yanga inali yonong'oneza, ndiye ndinanong'oneza.

"Iwe, usapite."

Ndinabwereza mokwezako, maso anga ali m'maso mwawo. Nanenso chibadwire ndinali ndisanawatchulepo choncho.

"Iwe, usapite."

Anatembenukira kwa nesi n'kumuuza kuti, "Inu, musapite."

Anthu anaomba m'manja, poti sankadziwa chimene chasowa. Nesi anayang'ana amuna anga kanthawi, kenaka anatuluka ndi sutikesi yake, pamene m'sewero amayenera kuiika pansi. Kalaliki wa kupositi anakoka chinsalu mofulumira.

Pobwerera kunyumba, titadutsa msika, ndinawafunsa amuna anga chimene chinachitika. Ndiye anati anangoiwala. Ndinawakumbutsa kuti ndinawauza kawiri. Anati anachita manyazi ndi anthu, poti munali makolo a ana awo a sukulu. Mwina zinalidi choncho. Koma ine ndinkaganiza kuti liwulo likanakhala la sewero chabe, likanatuluka ngati ena onse. Patapita miyezi nesi uja anamusamutsira ku Euthini, ndipo mpaka lero sindinapeze umboni wa kanthu kalikonse.

Tsiku la sewerolo titafika kunyumba, amuna anga anakhala pakhonde n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. Ndinaima patsogolo pawo, pepala lija lidakali m'manja.

"Tanenani kwa ine."

"Chiyani?"

"Mawu aja. Pano palibe anthu."

Anandiyang'ana, pakamwa patatseguka pang'ono, ndipo ndinadikira. Ndinadikira ndithu. Kenaka anaseka kaphwete kamanyazi, n'kuweramiranso nsapato zawo.

"Aa, amayi, mwatani kodi inu lero?"