Kwa a Zuze a Manachesi

Ndinaganiza zochoka ku Mwanza nditakhala zaka zitatu ndi digiri m'sutikesi, ntchito osaipeza. Kwa ine chigamulocho sichinali chovuta, koma chinali ndi mbali ina imene ndinakana kuiyang'ana. Pakhomo pathu kwa Nthache mwana wamwamuna ndinali ine ndekha, choncho mwa mwambo wathu ndinali mwinimbumba, woyang'anira mayi anga okalamba, achemwali anga a Esinati ndi ana awo atatu. Udindo wonsewo ndinausiya m'manja mwa munthu amene mwambo womwewo unkamuyesa mlendo.

Munthuyo anali alamu anga a Zuze, amuna awo a Esinati. Anafika ku Malawi ali pamsana pa mayi awo, pothawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo atakula anakwatira kwathu chikamwini. Ndiwo anandinyamulira chikwama pa njinga mpaka pa malire.

"Alamu a digiri," anatero pomasula zingwe, "pitani mukaone Joni. Koma pobwera musadzatilankhule Chingerezi, nkhuku zathu sizimva."

"Nanga pakhomo?" ndinafunsa.

"Pakhomo pali ine. Inu kwerani basi."

Ku Joni ndinkawerengera makatoni m'nyumba yosungira katundu, ndipo tinkagona anthu anayi m'chipinda chimodzi. Anthu analipo ambiri, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina la mayi anga. Kumudzi ndinkatumiza ndalama ndikapeza. Miyezi ina sindinkatumiza, ndipo miyezi imeneyo foni yanga ndinkaiopa.

A Zuze sanandifunsepo za ndalama. Lamulungu lililonse akachoka ku tchalitchi ankandijambulira mawu pa foni: denga la mayi afolera, mwana wawo wamkulu Tadala wakhoza mayeso, mbuzi yaswa. Nkhani imene sinkasowa inali ya manachesi. Anali atadzala mitengo m'munda wonse wa achemwali, ndipo anthu ankawaseka, pakuti kwathu mkamwini sakonda kudzala mtengo panthaka ya mkazi wake. Banja likatha amachoka ndi zovala zake zokha. Iwo ankangoyankha kuti, "Ndikachoka ine, ndiye kuti ana achokanso?"

M'chaka chachisanu ndi chinayi mawu aja anasiya kubwera. M'malo mwake munabwera mauthenga olemba, aafupi, zilembo zopunduka, poti sukulu anailekeza sitandade faifi. "Tili bwino. Mayi ali bwino. Manachesi apsa." Ine wophunzira ndinaunika umboniwo n'kupeza yankho: alamu akwiya chifukwa sindinatumize kanthu. Ndinayamba kuyankha mwachidule inenso. Ndinakhala miyezi isanu ndi iwiri ndikunyanyalira munthu amene mmero wake unali kutsekeka.

Inali khansa ya kummero. Madokotala a ku Blantyre anawauza kuti afika mochedwa. Analetsa achemwali kundiuza, amati, "Akasiya ntchito n'kubwera kudzandiyang'ana, achiritsa chiyani?" A Esinati anamvera mpaka pamene anaona kuti ngakhale phala lamadzimadzi likubwerera. Pamenepo anandiimbira.

Nditatsika basi pa Boma ndinauza wa kabaza dzina la malemu bambo anga. Sanalidziwe. Ndinatchula langa, anapukusa mutu. Nditafotokoza njira anaseka. "Aa, bwana, bwanji osangonena kuti kwa a Zuze a manachesi?"

Ndinawapeza pamkeka pansi pa mtengo, malaya akulendewera ngati ali pachingwe. Anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka kumutu. "Mwanenepa, alamu a digiri," ananong'ona. "Mwadya ndi gawo langa lomwe." Ndinayesa kupepesa za mauthenga aja, koma anakweza dzanja kundiletsa. Mawu anali atawatsalira ochepa, ndipo sankafuna kuwataya pa zimenezo.

Masabata atatu amene ndinakhala nawo ndinaona mmene munthu amakonzera nyumba yake popanda phokoso. Nthawi ya chakudya ankakhala pamodzi ndi ana ngakhale sankameza, kuti anawo asamadye mwamantha. Ankasenda nachesi, kugawira aliyense, iwo n'kungonyowetsa milomo. M'mawa ankatsamira paphewa la Tadala kupita kumunda, kumuonetsa ndi chala nthambi yoyenera kudula. Ululu ukakula ankapempha kuti awatembenuzire kukhoma mpaka udutse.

Pempho lawo kwa ine linali limodzi. Abale awo a ku Zobue, kutsidya kwa malire, anali atatumiza kale uthenga kuti tsikulo likadzafika adzatenga thupi, monga zimakhalira ndi mkamwini.

"Kutsidya kuja ndinachokako ndili pamsana," ananong'ona. "Ana anga azidzadinditsa chiphaso pa malire kuti aone manda a bambo awo? Koma mkamwini sangadzipemphere malo. Wopempha ndi mwinimbumba."

Atamwalira, amalume awo awiri anafika ndi galimoto ya lole. Akuluakulu a kwathu nawonso sanafune kusintha mwambo. Tinakhala pabwalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Ndinali nditakonza mfundo zanga mwadongosolo, monga ndinaphunzirira, ndipo ndinazinena zonse: za ana, za malire, za chifuniro cha malemu. Anandimvetsera mwaulemu, koma sizinasunthe munthu.

Wamkulu wa alendowo anafunsa funso limodzi. "Tamva, bambo. Koma manda ndi a eni mudzi. Munthu wathuyu mukufuna kumugoneka pano ngati ndani?"

Anayankha ndi mayi anga, amene anakhala pakati pa azimayi.

"Ngati mwana wanga," anatero. "Mwana wamwamuna ndinabereka mmodzi, ndi uyo wavala jeketeyo. Koma amene anandifolerera nyumba ndi kundinyamula pa njinga kupita kuchipatala zaka zonsezi ndi amene wagona m'nyumbamu. Mukamutenga, inenso mundikweze pa loleyo."

Mawuwo anandipweteka, ndipo anali oona. Alendo anapita pambali kukanong'onezana, n'kubwerera atavula zipewa. A Zuze tinawaika tsiku lotsatira m'manda a kwathu, pafupi ndi agogo anga.

Ku Joni sindinabwerereko. Ndimaphunzitsa pa sukulu ina pa Boma, ndipo Loweruka Tadala amandiphunzitsa kudulira mitengo, ntchito imene mpaka pano ndimailakwitsa. Ndinachoka ndikukhulupirira kuti mudzi ndi wanga chifukwa ndinabadwiramo, ndipo ndinabwerera kudzapeza kuti unali wa amene anausamala. Masiku ano wa kabaza akandifunsa kumene ndikupita, sinditchulanso dzina la bambo anga kapena langa. Ndimati kwa a Zuze a manachesi, ndipo sipakhalanso funso lina.