A Nangondo Sanadikire Chilolezo

Ndikawakumbukira a Nangondo, ndimamva fungo la fodya wouma limene linkakanirira mu kapulana, chitenje chawo chofiira, ndiponso kukhosomola kwawo kwa m'mamawa akusesa bwalo lomwe linali pakati pa nyumba yawo ndi yathu, m'mudzi mwathu kufupi ndi Nsadzo. Anali mayi wamfupi wa mawu okakala, amene anabwerako ku Zambia nkhondo itatha atasenza mtolo umodzi, opanda mwamuna, opanda mwana. Anthu ankanong'ona kuti mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo anamwalira ndi pakati kumsasa wa othawa nkhondo, koma eni ake sankaitchula nkhaniyo.

Chaka chimene ndinayamba kusenza ndowa yodzaza, nthawi ya amayi anga yoti achire inakwana bambo ali ku Cassacatiza, kumene ankapakira katundu m'magalimoto pamalire. Tsiku loyamba linadutsa, lachiwiri n'kufika, mwana osabadwa. Ana tinathamangitsidwira kuseri kwa nkhokwe, koma khoma la dothi silibisa mawu. Ntchembere zimene zinali m'nyumbamo zinkakhulupirira kuti mwana akamachedwa ndiye kuti mayiyo anayenda ndi mwamuna wina.

"Tchula, mwanawe! Ukatchula dzina mwana atuluka!"

"Palibe, amayi, palibe," ankayankha amayi anga, mawu akunka nachepa.

Amalume anga a Zakariya, eni mbumba, anali pakhonde atagwira m'chibwano. Ankati sangalamule zopita kuchipatala mwini mimba palibe.

Dzuwa lili paliwombo a Nangondo anatulukira kuchokera kudimba, matope ali m'miyendo. Anaima pakhomo, namvetsera pang'ono, n'kuponya khasu pansi. Analunjika kukhola la amalume, natulutsa ng'ombe ziwiri, nazimanga pagoli okha, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo mkazi akuchita.

"A Nangondo, ng'ombe zimenezo mwapempha kwa yani?" anafunsa amalume.

"Mlandu wa ng'ombe tidzakamba mawa, a Zakariya. Za maliro a mlongo wanu ndi zimene sindikufuna kukamba."

Anawatulutsa amayi pamphasa, ntchembere zikuwiringula, ndipo ngolo inawafikitsa kumsewu kumene galimoto ya thonje inawatenga kupita kuchipatala ku Chifunde. Patapita milungu iwiri amayi anabwera ataonda, kumsana kulibe kanthu. Enfermera, namwino wa kuchipatalako, anawauza kuti mwanayo anapingasa m'mimba, ndipo akanachedwa pang'ono tikanaika awiri.

Ine ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Koma a Nangondo anapita kwa sekeretariyu wa mudzi kukapempha msonkhano. Iye ataona kuti ndi nkhani ya kuchikuta, anangoti tiona mvula ikatha. A Nangondo sanakangane naye. Anayamba kuyendera akazi mmodzimmodzi, kumjigo, kumtondo, kumadimba, akuwathandiza kupeta kapena kupalira uku akufunsa motsitsa mawu kuti, "Inu anakufunsani maina kangati?" Loweruka lina akazi anakhamukira pakhomo pa sekeretariyu, makanda ali kumsana, nakhala pansi osafuna kuchoka. Munthuyo anatumiza mawu kwa anyakwawa ndi amuna onse kuti abwere.

Pamsonkhanopo a Nangondo sanachuluke mawu. Anatembenukira kwa amayi anga nati, "Nabanda, dzuka unene wekha."

Amayi, amene sankatha kuyang'ana munthu wamkulu kumaso, anaimirira n'kuyamba kulankhula.

"Masiku awiri ndinafunsidwa dzina la mwamuna amene kulibe. Mwana wanga anapingasa. Ndikupempha amene anandifunsa anene pano, pamaso pa amuna anga, kuti ndinalibe mlandu."

Kenaka a Nasiwelo, ntchembere imene inkakuwa kuposa zonse tsiku lija, anadzuka ndi ndodo yawo.

"Unalibe mlandu, mwanangu. Nanenso anandifunsa chimodzimodzi, ndipo ndinatchula dzina la munthu wosalakwa kuti andisiye."

Bambo anga anawerama, osadzutsanso mutu mpaka msonkhano unatha.

Tsiku limenelo mudzi unagwirizana kuti mayi wapakati akavutika, aliyense amene ali pafupi amutengere kuchipatala, mwamuna alipo kapena palibe, ndipo mwini ngolo asakane. Wofika mwezi womaliza azipita kukadikirira kufupi ndi chipatala, anzake akumulimira munda ndi kumudyetsera ana. Akazi anasankha a Nangondo kuti aziwayankhulira kumisonkhano ya kuboma. Amuna ena ankawanyogodola powayerekeza ndi bwana wa boma kuti "administradora wadutsa", iwo n'kuyankha kuti, "Eya, konzani matayala a ngolo." Ankakwezedwa panjinga ulendo wonse wa ku Chifunde, n'kubwera fumbi lili mbuu m'tsitsi, nthawi zambiri atangolonjezedwa pakamwa. Mwezi wotsatira ankapitanso.

Ine ndinachoka kukaphunzira ku Tete, ndipo ndinakhazikika konko. Nditabereka mwana wanga woyamba ndinkafunitsitsa kukamuika m'manja mwa a Nangondo, koma ndinati ndidikire akhwime khosi, kenaka ndinati mitsinje iphwe kaye. Uthenga wa maliro awo unandipeza ndikuyanika matewera.

Amayi anga akadali moyo. Lamlungu lililonse amandiimbira foni kudandaula za mawondo, za mbuzi za eni zimene zalowa m'dimba, za adzukulu osamva. Sindiwadula mawu. Ndimakhala pakhonde kumvetsera mpaka foni yawo ithe moto, ndikudziwa kuti zaka zonsezi ndakhala ndikumva mawu amenewa chifukwa cha mayi amene sindinamuuzepo kuti zikomo.