Mchere wa a Ottilia

A Ottilia Mbewe a ku Mkaika anayamba ntchito pachipatala cha mishoni kufupi ndi Katete mu 1955, chaka chomwe anaika amuna awo m'manda. Ankawiritsa masingano ndi kulondera mabotolo a madzi opita m'mitsempha ya odwala. Botolo likatha, magazi ankabwerera m'kapaipi ka labala, ndipo akaundana singano inkatseka. Iwo ankatenga jekeseni wa madzi a mchere, n'kukankha pang'ono, n'kuima, n'kukankhanso. Ikakana, sankaumiriza.

Tsiku lina, dzuwa lili paliwombo, botolo la Lucia wa ku Vubwi linatha. Mayiyu anataya magazi ambiri pobereka, ndipo kwa masiku awiri sanalankhule. Mtsempha umene dokotala anaupeza unali umodzi wokha. Ukanatseka, panalibenso polowera madzi.

Mwamuna wake, Mateyo, ataona magazi akukwera m'kapaipi ngati nyongolotsi, anasolola mpeni.

"Ndinamva kwathu kuti kuno mumapopa anthu magazi!"

"Sakupita kulikonse, bambo," anatero a Ottilia. "Ndiwabweza inu mukuona."

"M'menemo muli chiyani?"

"Madzi a mchere."

"Mchere? Kwa munthu wa m'chikuta? Mukagona kwa amuna anu, m'mawa mudzathire mchere mkazi wanga? Mukufuna mumudule?"

Magazi aja anali atayamba kuda. A Ottilia anatambasula dzanja.

"Gwirani."

Mateyo anagwira, n'kulisiya msanga. Linali lozizira ngati mwala wa pachitsime, chonsecho malata akuthetheka ndi dzuwa.

"Amuna anga ali kumanda chaka chachinayi. Ndine wozizira."

Mpeni unatsika. A Ottilia anatchula dzina la Yesu chamumtima, n'kukankha. Zinakana. Anaima. Anakankhanso mosamala, ndipo magazi anayamba kubwerera, kapaipi n'kuyera. Anapachika botolo lina, madontho n'kuyambanso kugwa.

Lucia anatsegula maso, nanyambita milomo.

"Ndani wathira mchere?" anafunsa. Kenaka anayang'ana kuseri kwa phewa la a Ottilia. "Nanga abambo akugwirani mkonowo, a malaya oyera osowa batani la pakhosi, ndani?"

Mateyo anasuzumira. Kunali khoma lokha.

A Ottilia sanacheuke. Batanilo anali nalo m'kachitini kunyumba. Linathothoka tsiku lomwe ankaveka mtembo wa amuna awo.

Lucia anabwerera ku Vubwi ndi khanda kumsana. A Ottilia anagwira ntchitoyo mpaka 1963, ndipo pokankha jekeseni ankasendeza chigongono pang'ono, ngati akusiyira wina malo.