Makadi a magazi pa chiperoni

Ntchitoyi anandipezera ndi alamu anga a Fulaye, amene ankagwira mufakitale ya tiyi. Anamva kuti pakiliniki ya esiteti akufuna munthu wa Fomu 4 wosaopa magazi. Magazi ndinkawaopa, koma dengu lothyolera tiyi ndinkaliopa koposa, ndipo kunalibe kwina kolowera.

Madokotala ankafufuza mmene chiwindi chimagayira mankhwala a TB. Ankati zimenezi zimaoneka pa kuchuluka kwa mankhwalawo m'magazi. Gawo langa linali lochepa: kupukuta chala ndi sipiriti, kubaya, kutaya dontho loyamba, kenako kudonthezera m'timabwalo tisanu pakadi la pepala. Makadiwo ankauma okha pathandala, pamthunzi, ndisanawatsekere m'timatumba topita ku labotale.

Bwana wanga, a Sisitala Gondwe, anandiuza kamodzi kokha: "Dzuwa ayi, moto ayi. Mphepo basi."

Chovuta chinali zala. Chala cha wothyola tiyi ndi chikwakwa chake, ndipo ukachibaya chimapweteka pa tsamba lililonse. Mayi Esinati, amene mankhwala ankawasanzitsa tsiku ndi tsiku, anakana kawiri. Kachitatu ndinawalonjeza kuti ndibaya kamodzi basi, ndipo adokotala adziwa chimene chikuwazunza. Ndinabaya, magazi anachita kuvuta kutuluka, koma timabwalo tinadzaza.

Masana ake kunagwa chiperoni. Madzulo makadi anali akadali onyowa, galimoto ya ku labotale ikubwera m'mawa mwake, a Sisitala ali ku Makwasa. Ndikanawatsekera choncho akanachita chuku. Ndikanawasiya, ndikanaoneka wolephera sabata yachitatu yokha. Ndinangozungulira m'kachipinda koumitsira makadi.

Alamu nditawafotokozera, anandiseka. "Ife timaumitsa tiyi wa phiri lonse, ndiye timapepala tivute? Bweretsani kudilaya, mlamu."

Safunsa anadya phula. Ndinayala makadiwo pafupi ndi mpweya wotentha wa makina oumitsira tiyiwo, ndipo anauma msanga, madontho atada bii.

M'mawa a Sisitala atabwera anangonyamula kadi limodzi n'kulinunkhiza. "Likununkha tiyi. Mwatani?"

Ndinanena zoona, chifukwa bodza linalibe polowera. Sanakalipe. Anati kutentha kwawononga zimene timafuna kuyeza, ndipo ndikabayenso onse ndekha.

Ena anavomera monyinyirika. Mayi Esinati ndinawapeza pamzere wawo m'munda, dengu kumsana. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, manja osaleka kuthyola.

"Mwananga, munati kamodzi," anatero. "Ine ndinakhulupirira inu, osati adokotalawo."

Sanabwerenso kukiliniki, ngakhale kudzatenga mankhwala awo. Ndinapita kwawo katatu, koma chitseko sanatsegule. Zimandipwetekabe mpaka lero.

Ndinakhala pantchitoyo zaka zinanso, ndipo nthawi zambiri galimoto inkabwerera yopanda makadi chifukwa cha ine. Ankandinena kuti ndine wochedwa. Kadi lonyowa ndinkalisiya liume lokha, chifukwa mwini magaziwo anapereka kamodzi.